Lumo silinoledwa ngati chikwanje

Magetsi akathima m'mawa wa Loweruka, msika suima. Mayi wa tomato amapitiriza kuunjika milu yake, mnyamata wa kaunjika amakuwabe mitengo. Amene amagwira njakata ndi wometa. Makina ali chete, pabenchi padzaza abambo ofuna kukaoneka bwino kuukwati, ndipo posakhalitsa amayamba kunyamuka mmodzimmodzi, ndalama zawo zili m'thumba.

Ometa sadaiwale zomwe zidachitika mu Januwale 2022, pomwe namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pamwamba pa izo, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chochokera kunja, kuyambira malezala, mabatire mpaka mano a makina ometera, chidakwera mtengo.

Pali chida chimodzi chomwe sichilira magetsi, ndipo chikasamalidwa chimatha zaka makumimakumi. Ili ndi lumo lopinda, lija limalowa m'chigwiriro chake ngati mpeni wa m'thumba. Vuto n'lakuti wogula amalitenga ngati mpeni wamba. Likayamba kukoka ndevu amathamangira nalo kwa wonola zikwanje, ndipo m'mphindi imodzi lumo lamtengo wapatali latha ntchito.

Kasitomala wokokedwa ndevu sachita phokoso. Amalipira, amatsanzika bwinobwino, sabata yotsatira amakakhala pampando wa wometa wina.

Chinsinsi chili pamsana

Malumo otchuka adachokera ku Sheffield ku England, ku Thiers ku France, ndi ku Solingen ku Germany, mzinda womwe udayamba kupanga mipeni ya Okapi. Kampani ya Dovo ya ku Solingen, yomwe idakhazikitsidwa mu 1906, ikupangabe malumo mpaka lero. Chomwe chidawakankhira pambali ndi lezala lotaya likatha. Mu 1903 kampani ya King C. Gillette ku America idagulitsa zogwirira 51 ndi malezala 168 basi, koma patangopita zaka zochepa malonda ake adafika mamiliyoni. Anthu adasiya kunola, adayamba kugula, ndipo luso lonola lidazilala.

Luso limeneli limayambira pa kapangidwe ka lumo. Lumo lodziwika kwambiri ndi lija amalemba 5/8, kutanthauza kuti mulifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 16. Msana wake, mbali yokhuthala yosadula ija, umakhala mamilimita 4 kapena 5. Pakati pa msana ndi mbali yakuthwa adakumbapo mwadala kuti chitsulo chipyapyale.

Munthu akaligoneka pamwala, malo awiri okha ndi amene amakhudza: msana ndi m'mphepete modulira. Msanawo ndi umene umapereka kupendekeka koyenera, pafupifupi madigiri 16 mbali zonse ziwiri pamodzi. Mpeni wakukhitchini umakhala pa madigiri 30 mpaka 40, ndipo wonola amautukula msana poyerekeza ndi maso. Dzanja lozolowera mpeni likatukula msana wa lumo ngakhale pang'ono, limafafaniza kupendekeka kuja, ndipo kukonza kwake kumadya ola lathunthu.

Gudumu lamagetsi la owotcherera ndiye mdani wamkulu. M'mphepete mwa lumo ndi mopyapyala kuposa pepala, choncho mumatentha nthawi yomweyo. Chitsulo chikasintha mtundu n'kuoneka chabuluu ndiye kuti chafewa, ndipo sichidzasunganso kuthwa. Tupa nayenso alibe gawo pantchito imeneyi.

Chimabunthitsa lumo n'chiyani?

Mu 2020 akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America adaunika malezala pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Adapeza kuti tsitsi limabenthula tizidutswa ta chitsulo m'mphepete mwa lezala, ngakhale chitsulocho n'cholimba kuwirikiza ka 50 kuposa tsitsi. Kubenthukaku kumachitika makamaka tsitsi likapindika n'kukumana ndi lezala mopendekeka. Dzimbiri nalo limadya m'mphepete mwakachetechete lumo likasungidwa lonyowa.

Wometa ayenera kusiyanitsa matenda awiri a lumo. Oyamba ndi kupindika kwa m'mphepete, komwe kumachitika pa kumeta kulikonse. Mankhwala ake ndi lamba wachikopa, yemwe amawongola ndi kusalaza popanda kudya chitsulo chambiri. Achiwiri ndi kuperepeseka kapena kubenthuka, ndipo apa mpamene pamafunika mwala. Lamba ndi wa tsiku ndi tsiku. Mwala ndi wa apo ndi apo. Lumo la munthu mmodzi limatha miyezi ingapo osauona mwala, ndipo amene amathamangira kumwala sabata iliyonse amangolifupikitsa moyo.

Zoyenera kugula ndi zoyenera kusiya

Miyala yonolera imakhala ndi manambala. Nambala ikamakwera, mwala umakhala wosalala kwambiri. Lumo limafuna masitepe atatu: mwala wa 1000 wokonza m'mphepete, wa 4000 wochotsa mikwingwirima ya woyamba uja, ndi wa 8000 womalizira. Ilipo miyala ya mbali ziwiri, monga wa Norton wa 4000 ndi 8000, yomwe imachepetsa mtengo. Ofuna kusalala kopitirira amawonjezera wa 12000. Miyala yachilengedwe yotchuka ndi wachikasu wa ku Belgium wotchedwa coticule, wokumbidwa m'dera la Vielsalm, ndi ya ku Arkansas ku America.

Mwala wotuwa wa mbali ziwiri umene akalipentala amanolera zisemero si woyenera. Nthawi zambiri nambala yake siposa 400, ndipo palumo umasiya mano ngati a sowo. Mwala wotola kumtsinje uyambe wayesedwa pa mpeni wakale. Ukasiya mikwingwirima yooneka ndi maso, lumo lisayandikirepo.

Amene sangakwanitse mwala wa 1000 akhoza kugula sandipepa wa m'madzi, uja amagwiritsa ntchito openta magalimoto, n'kumumata ndi madzi pagalasi lokhuthala. Achenjere ndi manambala, chifukwa a pasandipepa ndi a pamwala sawerengedwa mofanana. Sandipepa wa 2000 amakanda pafupifupi ngati mwala wa 1000, choncho amathandiza pa sitepe yoyamba yokha.

Miyala yosalala imachokera kunja ndipo siitsika mtengo. Ometa anayi kapena asanu a msika umodzi akhoza kusonkherana, kapena kutenga ngongole ku banki mkhonde, n'kugula mwala umodzi wa onse, popeza aliyense amaufuna mwakamodzikamodzi.

Pogula lumo lenilenilo, lakale la chitsulo chabwino limaposa latsopano lonyezimira lotsika mtengo, lomwe nthawi zambiri silisunga kuthwa. Wogula aliyang'ane padzuwa. Lokhala ndi mng'alu, lopindika, kapena lodyeka ndi dzimbiri m'mphepete alisiye. Dzimbiri la pamsana lilibe vuto.

Kanoledwe kake

Ntchito imayambira pamwala, osati palumo. Mwala wokumbika pakati sunganole lumo mofanana. Wonola ajambule mizere yopingasa ndi pensulo pamwala ponse, kenako aukhuze pa sandipepa wonyowa wogonekedwa pagalasi mpaka mizere yonse itafufutika. Akhuzenso m'makona mwake kuti musakhale mokuthwa. Miyala yambiri ya m'madzi imafuna kunyikidwa kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo isaume nthawi yonse yonola.

Asanayambe, apake m'mphepete mwa lumo, mbali zonse ziwiri, inki yakuda ya cholembera chija amalembera pamakatoni. Inkiyo ndi mboni. Pamene yatsalira ndiye kuti mwala sukufikapo.

Agoneke msana poyamba, kenako atsitse mbali yakuthwa mofatsa. Akankhe lumo mbali yakuthwa ili kutsogolo, ngati akufuna kusenda kachikhungu kopyapyala pamwala. Lumo liziyenda mopingasa pang'ono, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kuti utali wake wonse udutse pamwala. Akafika kumapeto alitembenuze poligubuduza pamsana, mbali yakuthwa ikuloza kumwamba, n'kubwerera chimodzimodzi. Kupita ndi kubwerera kumajambula chilembo cha X, ndipo umenewo ndi ulendo umodzi. Kutembenuzira kumbali yakuthwa, ngakhale kamodzi, kumabunthitsa zonse zimene wanola.

Ena amamata tepi yakuda ya magetsi pamsana kuti usaperepeseke. N'zotheka, bola tepiyo ikhale imodzi, izisinthidwa ikadyeka, ndipo lumolo lizinoledwa ndi tepi nthawi zonse.

Pamwala wa 1000 palibe chiwerengero cha maulendo. Wonola amakhalapo mpaka mbali ziwiri zija zitakumana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amatopa, amadumphira kumwala wosalala, ndipo amapeza lumo lonyezimira ngati kalilole koma losameta. Mwala wa 8000 umasalaza zomwe wa 1000 wakonza. Sungapange kuthwa pomwe palibe.

Njira zodziwira kuti sitepe yoyamba yatha zilipo zitatu. Inki ikhale itachoka ponseponse, n'kusiya kamzere kowala kofanana. Lumo likadutsitsidwa mopepuka pa chikhadabo chonyowa cha chala chachikulu, lizigwira mosadumpha. Likaterereka ndi lobuntha, likamakodwa pali pobenthuka. Chachitatu, lizimeta ubweya wa pamkono kutsinde, pakati ndi kunsonga komwe. Kuyesa pa chikhadabo kumathera pa sitepe ino, chifukwa kutsogoloku kumaononga.

Pamwala wa 4000 maulendo 30 kapena 40 amakwanira kuchotsa mikwingwirima ya poyamba. Pa wa 8000 maulendo 20 kapena 30, dzanja likungoperekeza, kulemera kwa lumo lokha ndi kumene kukugwira ntchito. Lumo litsukidwe posintha mwala kuti mchenga wa mwala wokakala usapite pa wosalala. Kukanikiza kumapinda chitsulo chopyapyala chija, m'mphepete n'kutukuka pamwala. Kupitiriza maulendo mopyola muyeso kumasiya kawaya kosalimba kamene kamathyoka lumo likangokhudza ndevu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Liwiro pantchito iyi lilibe mphotho.

Kudula pepala pofuna kuonetsa anthu kuthwa kwa lumo n'kuliononga. Kuyendetsa chala motsata m'mphepete n'kuitana bala.

Lamba wachikopa

Lumo lochoka pamwala silinakonzeke mpaka litadutsa palamba. Pafunika chikopa chosalala, chopanda mabowo kapena ulusi, chotambalala masentimita 6 kapena 7. Wosoka nsapato akhoza kudula chotere. Ambiri amalumikiza ndi nsalu yokhuthala ya kanivasi kapena ya jinzi, yoyeretsera lumo lisanapite pachikopa.

Lamba amangidwe pamalo olimba ofika m'chiuno, ndipo akokedwe kuti akungike. Apa kayendedwe n'kosemphana ndi ka pamwala. Msana ndi umene umatsogola, mbali yakuthwa ikutsatira m'mbuyo. Kutembenuza n'kwa pamsana pomwe paja. Maulendo 20 kapena 30 pansalu, kenako 40 mpaka 60 pachikopa, lumo lisanamete. Lamba wolendewera amakulunga m'mphepete n'kubunthitsa lumo, ndipo kuthamanga ngati za m'mafilimu kumathera pocheka lamba.

Chikopa sichifuna mafuta ambiri. Kuchisisita ndi chikhatho tsiku ndi tsiku n'kokwanira. Kulamba kukasowa, nyuzipepala yakale yopindidwa kangapo patebulo losalala imathandiza kwa tsikulo. Lumo likayamba kukoka ngakhale ladutsa palamba, maulendo 5 mpaka 10 pa kachikopa kena kopakidwa phala lobiriwira la chromium oxide amalibweza lisanafune mwala. Phalalo lisakhudze lamba wa tsiku ndi tsiku.

Lumo lokonzeka limadula ubweya wa pamkono m'malere, osakhudza khungu.

Pankhope pa munthu

Lumo lakuthwa likhoza kubunthitsidwa ndi kametedwe. Ndevu zouma n'zolimba. Zikanyowetsedwa ndi madzi ofunda kapena thaulo lofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kupakidwa thovu la sopo, zimafewa ndipo lumo limakhalitsa. Msana utalikirane ndi khungu pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 30. Kuliimika kwambiri ndi kupala, osati kumeta. Lumo liziyenda pang'onopang'ono kulowera kutsogolo, osati chammbali, chifukwa kutero n'kucheka.

Abambo ambiri kuno ali ndi ndevu zopotana. Zikadulidwa mozama, nsonga yake imapindikira m'khungu n'kutulutsa tiziphuphu ta m'khosi ndi pachibwano, tomwe timasiya zipsera zakuda. Choncho wometa atsate komwe ndevu zagonera, asakoke khungu mwamphamvu, ndipo asabwereze malo amodzi kambirimbiri pofuna kusalala kopitirira. Kasitomala amaiwala msanga kusalala kwa Loweruka, koma tiziphuphu ta Lachiwiri amatikumbukira.

Akamaliza, lumo litsukidwe, lipukutidwe kuchokera kumsana, lisiyidwe lotsegula kuti liume, kenako lipakidwe kadontho ka mafuta a makina osokera. Nyengo ya mvula, komanso m'madera a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, dzimbiri silichedwa.

Nkhani ya magazi

Apa mpamene pali ngozi yoposa kutaya kasitomala. Lumo limatha kutema kabala kosaoneka ndi maso. Anthu ambiri amaopa HIV, koma kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamapatsirana mosavuta kuposa apo, ndipo kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7. Katemera wa matendawa adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002. Abambo ambiri obadwa chakacho chisanafike sadalandire ali ana. Zipere nazo zimayenda ndi zida zometera.

Kupukuta lumo ndi thonje la sipiriti sikokwanira, chifukwa sipiriti amauma m'masekondi ochepa. Kuliwamba pamoto kumafewetsa chitsulo. Jik amadya chitsulo cha lumo n'kusiya timaenje m'mphepete. Chikopa cha lamba sichingatsukidwe n'kuphedwa tizirombo, choncho lumo lochoka pankhope pa munthu lisapite palamba lisanayeretsedwe. Kuyeretsa kwake ndi kutsuka ndi sopo ndi madzi, kupukuta, kenako kumiza chitsulo chonse mu mowa wa kuchipatala wa 70 peresenti kwa mphindi 10.

Ngakhale zili choncho, njira yotetezeka n'njakuti lumo lonoleka likhale la munthu mmodzi. Kwa anthu ongodutsa, wometa agwiritse ntchito chogwirira chopinda cholowetsa theka la lezala. Lezalalo litsegulidwe kasitomala akuona, ndipo akamaliza liponyedwe m'chitini chotseka, osati padzala pomwe ana amatoleza zinthu. Chogwirira chimenechi nachonso sichilira magetsi, ndipo n'chabwino kuposa kugwira lezala ndi zala. Amene akufuna kuyamba kumeta ndi lumo ayambe wafunsa a zaumoyo a kukhonsolo ya kwawo za malamulo ake.

Nanga phindu lili pati?

Phindu la luso lonola lili pa makasitomala okhazikika. Bambo amene amameta sabata iliyonse akhoza kugula lumo lake, n'kulisunga kwa wometa m'kachikwama kolembedwa dzina lake. Wometa amalipiritsa kumeta, n'kuwonjezera kangachepe pa kunola ndi kusamalira. Bambo wotere sasamukasamuka, chifukwa lumo lake lili pamalo amodzi ndipo akudziwa kuti silinakhudze nkhope ina.

Miyala yomweyo ili ndi ntchito zinanso. Mano a makina ometera akabuntha amatha kugonekedwa pamwala wosakumbika n'kukhuzidwa, m'malo mogula ena. Masizasi a matelala nawo amanoleka pamwala wa 1000. Wonola mipeni pamsika amene waphunzira kusiyanitsa lumo ndi chikwanje wapeza makasitomala atsopano.

Masamu ake aliyense awerengere ndi mitengo ya pamsika wake. Mwachitsanzo, ngati kumeta ndevu ndi K1 000, ndipo chida chobuntha chathamangitsa abambo atatu okha obwera sabata iliyonse, pa masabata anayi wometa wataya K12 000, pachaka K156 000. Chiwerengero chimenechi n'chimene chiyenera kuikidwa pambali pa mtengo wa mwala ndi lamba, pamodzi ndi ndalama zonse zimene zimatuluka pakhomo tsiku lomwe magetsi athima.

Woyamba kumene asaphunzirire pa lumo lodula, ndipo asaphunzirire pa nkhope ya mwini ndalama. Apeze lumo lakale lotsika mtengo, alinole, alibunthitse mwadala podutsitsa kamodzi pamlomo wa botolo, alinolenso, mpaka dzanja litasiya kutukula msana. Kenako adzipake thovu yekha. Tsaya lake likavomereza masabata awiri otsatizana popanda kukokedwa kapena kuyabwa, apo akhoza kulemba mtengo wa kumeta ndi lumo pachikwangwani.